Achemwali opita ku Kyoto, chachikulu n'kulawirira

Achemwali, mwati maphunziro anu ku Osaka akatha mutsala ndi masiku awiri okha, ndipo mukufuna kuona akachisi, misika ya zakudya ndi kogula zinthu ku Kyoto. N'zotheka ndithu, sitima ya JR yochokera ku Osaka imangotenga pafupifupi mphindi 30. Koma chonde muzilawirira. Mzinda wa Kyoto unali likulu la Japan kuyambira mu 794 mpaka m'ma 1860, ndiye alendo amachita kusefukira. Dzuwa likangokwera, kumakhala kupanikizana kokhakokha.

Tsiku loyamba yambani ndi Fushimi Inari, mbandakucha. Kachisi wa chipembedzo cha Shinto ameneyu satsekedwa ndipo salipiritsa. Kuchokera pa Kyoto Station kwerani sitima ya Nara Line yoima paliponse, mutsike pa Inari, siteshoni yachiwiri. Zipata zofiira zotchedwa torii zandandalika masauzande kukwera phiri la mamita 233. Ambiri amathera m'munsi momwemo kudzijambula. Inu limbani mtima mufike pa Yotsutsuji, mphambano ya chapakati pa phirilo, pomwe mzinda umaonekera bwino, kenako mutha kutsika. Tsiku lachiwiri chitani chimodzimodzi ndi kachisi wa Kiyomizu-dera, amene amatsegulidwa 6 koloko m'mawa. Khonde lake lamatabwa linamangidwa mu 1633 popanda msomali, ndipo latalika mamita 13 kuchokera pansi. Akachisi awiriwa akukwanirani, musadzitopetse ndi kuthamangira wina aliyense.

Masana ndi a ku msika wa zakudya wa Nishiki, ndipo kumeneko pitani ndi njala. Ndi kanjira kopapatiza kofolera, kotalika pafupifupi mamita 400, kokhala ndi timasitolo toposa 100. Lawani dashimaki, mazira okazinga okulungidwa, ofewa, akadali otentha. Pali tako tamago, kaokutopasi kofiira kobayidwa pa kamtengo, m'mutu mwake muli dzira la zinziri. Kamaoneka koopsa koma n'kotsekemera. Ine chomwe ndimakonda kwambiri ndi chirimen sansho, tinsomba tating'ono ngati bonya wathu tophikidwa ndi tsabola wothetsa lilime dzanzi. Ndi mpunga wotentha, simungafunenso ndiwo ina. Mukagula chakudya dyerani pamalo pomwepo, chifukwa amsikawo amaletsa kudya mukuyenda. Ngati simudya nkhumba muzifunsa kaye, makamaka pa ramen (manudozi a mu supu) ndi gyoza (timitanda tokhala ndi nyama mkati).

Kumapeto kwa Nishiki chakum'mawa mutulukira ku Teramachi ndi Shinkyogoku, misewu yofolera yodzaza ndi masitolo a tiyi, zofukiza, zovala ndi timphatso ta ana. Madzulo lowani m'sitolo yaikulu ya Daimaru kapena Takashimaya, mutsikire chipinda chapansi kogulitsa zakudya. Akayandikira kutseka zambiri amatsitsa mtengo. Ulendo wanu ukagwera pa 21, siyani zina mupite ku msika wa pa kachisi wa Toji. Umachitika tsiku limenelo mwezi uliwonse, ndipo kimono (zovala zachikhalidwe cha ku Japan) zakaunjika ndi ziwiya zadothi mumazipeza motchipa.

Tengani khadi la ICOCA loti muzilipirira sitima ndi basi, komanso ndalama zogwirika chifukwa ogulitsa ena salandira khadi. Valani sokosi zabwino, m'nyumba zina za akachisi mumavula nsapato. Zinyalala sungani m'chikwama, motayira ndi mosowa. Mukafika kudera lakale la Gion musajambule ma geiko (akazi osangalatsa alendo ndi nyimbo ndi magule) popanda chilolezo, ndipo tinjira ta eni tomwe pali zikwangwani zoletsa musalowemo.