Mabanzi Aang'ono a M'Chijeremani

Funso: Ndikumasulira nkhani ya zamalonda kuchoka m'Chijeremani kupita m'Chingerezi. Ndapeza mawu akuti "Wir müssen kleinere Brötchen backen", koma kampaniyo sigulitsa buledi. Ndilembe chiyani?

Yankho: Liwu ndi liwu akuti "tiyenera kuphika mabanzi aang'ono kuposa kale", ndipo apa ndi pomwe omasulira ambiri amasokerera. Brötchen ndi kabanzi ndithu, koma mawuwa ndi okuluwika: akunena zochepetsa zolinga chifukwa ndalama kapena mphamvu zaperewera. Lembani "scale back our plans" kapena "lower our sights".

Samalani ndi mawu ena a m'Chingerezi akuti "eat humble pie". Amenewo ndi a munthu wovomera kulakwa mwamanyazi, ndipo amayenera pokhapokha ngati wolankhulayo anadzitama kale n'kugwa nazo. Pankhani ya bajeti ya kampani, sankhani "scale back".