Musathamangire mikisa yaikulu, achimwene

Kalata ya mnyamata wina wa ku Zomba yandikhala pamtima sabata yonse. Amayimba nyimbo zauzimu, ali ndi laputopu yokhala ndi FL Studio (pulogalamu yojambulira ndi kusakanizira nyimbo), wasunga kandalama, ndipo akufunsa kuti mikisa yotchipa yabwino ndi iti, nanga masipika a situdiyo agule ati. Kumapeto wanena kuti wogulitsa wina wamuonetsa mikisa ya machanelo 16 (malo 16 olowetserapo mawu) ndi masipika awiri akuluakulu, n'kumuuza kuti akangonyamula zimenezo ndiye kuti situdiyo yatheka.

Mawu a wogulitsayo ndi amene andiwawa, achimwene, chifukwa ndikudziwa kumene njira imeneyo imakathera.

Zaka zapitazo kwaya ya amayi kumpingo kwathu inafuna kujambula nyimbo zake. Ndalama zopitira ku situdiyo ya m'tauni panalibe, ndiye ntchitoyo inagwera ine popeza ndinali ndi laputopu. Zida zinali za tchalitchi: mikisa yaikulu ndithu, mamaiki angapo, kiyibodi, ndi kachingwe kamodzi kochoka pa mikisa kukalowa mu laputopu. Amayi anafika m'mawa, ena atayenda wapansi mtunda wautali, ena ana ali kumbuyo. Anayimba ndi mtima wonse mpaka dzuwa kupendeka. Mtsogoleri wa kwaya, mayi wachikulire amene anaphunzitsa nyimbozo kwa miyezi, ankangoti, "Mwana wanga, zikulowa koma?" Ine n'kumati zikulowa amayi, chifukwa timagetsi tobiriwira tinkaphethiradi.

Usiku titakhala pansi kumvera, tinapeza kuti mayi mmodzi wa alito anayandikira maiki kwambiri, mawu ake anakwirira asopulano onse. Kiyibodi inali pamwamba pa anthu. Pansi pa zonsezo panali kaphokoso kosalekeza ngati ka njuchi. Ndinayesa usiku wonse kutsitsa mawu a mayi uja osakhudza enawo, koma sizinatheke. Mikisa inali itasakaniza kale zonse zisanafike mu kompyuta. Ufa ndi madzi mukazivundula n'kukhala nsima simungazilekanitsenso. Lamulungu lotsatira ndinakauza amayi aja kuti tiyambirenso, ndipo nkhope ya mtsogoleri uja sindidzaiwala. Sanakalipe. Anangofunsa kuti nanga ana aja awasiyira ndani tsiku lina.

Ndiye mvetsani bwino ntchito ya mikisa. Inapangidwa kuti itenge mawu ochokera mbali zambiri n'kuwatulutsa atasakanizidwa, kupita ku masipika a mu holo, pa ukwati kapena pa msonkhano. Pamenepo mikisa ndi mfumu. Koma inu muli nokha m'chipinda, mukuyimba mzere umodzi, kenako mubwerezenso mawu othandizira, kenako gitala. Machanelo 16 mulowetsamo chiyani? Khumi ndi anayi azingokhala akudya fumbi. Ndipo kusakaniza kwenikweniko mumachitira mu FL Studio momwemo, mmene muli mikisa yaulere yokhala ndi machanelo ochuluka kuposa amene mungawagwiritse ntchito.

Anthu amanyengeka ndi chizindikiro cha USB. Mikisa zotchipa monga Behringer Xenyx Q802USB, ngakhalenso Yamaha MG10XU imene ndi yolimba bwino, zimatumiza ku kompyuta njira ziwiri zokha, kumanzere ndi kumanja. Mukalumikiza mamaiki angapo, onse amafika atasakanizidwa, vuto lomwe lija la amayi a kwaya. Mutha kupulumukako pokankhira maiki imodzi kumanzere kwenikweni, ina kumanja kwenikweni, n'kukhala ndi mawu awiri osiyana, koma pamenepo ndiye mapeto. Mikisa zimene zimajambula chanelo iliyonse payokha zilipo, monga Zoom LiveTrak L-8 ndi Tascam Model 12, koma mtengo wake si wa munthu woyamba kumene.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti ogulitsa ambiri zimenezi amazidziwa. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo mnyamata amene wasunga ndalama za maganyu kapena za kabaza alibe mwayi wogula kawiri. Kumugulitsa chinthu chifukwa chili ndi timabatani tambiri tooneka bwino pa chithunzi cha pa Facebook ndi kumubera. Ndikunena mosabisa. Poyamba ndinkati mwina zimatengera zofuna za munthu, koma pamene ndikulemba pano ndikuona kuti ayi: woyimba wojambula yekha m'chipinda asagule mikisa. Agule sound card.

Sound card ndi kabokosi kakang'ono kolowetsera mawu a maiki kapena gitala mu kompyuta, monga Focusrite Scarlett Solo kapena 2i2, kapena Behringer UMC202HD ngati thumba lili lopyapyala. Maiki iliyonse imalowa mu kompyuta payokha. Kali ndi phantom power ya 48V, moto wodutsa m'chingwe cha maiki, umene maiki ya ku situdiyo ya mtundu wa condenser, monga Audio-Technica AT2020, imafuna kuti igwire ntchito. Ndipo pali china chimene anzathu a ku Ulaya olemba za zida saganizako n'komwe: kabokosika kamadya moto kuchokera ku laputopu kudzera pa USB. Magetsi akathima, inu muli ndi batire la laputopu ndi mahedifoni, ntchito ikupitirira. Wa mikisa yaikulu uja wakhala pakhonde kudikira.

Za masipika ndiye ndikhalitsepo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwa. Masipika akuluakulu amene anakuonetsani aja ndi a PA, a zimkuzamawu za pa misonkhano, ntchito yake ndi kuponya mawu kutali kuti wa kumapeto kwa bwalo amve. Masipika a hometheatre ndi a subwoofer za m'mashopu nawo amakometsa nyimbo, amawonjezera besi kuti muvine. Sipika ya situdiyo, imene amaitcha monita, ntchito yake ndi yosiyana: ikuuzeni zoona, ngakhale zowawa. Kampani ya Yamaha inatulutsa sipika ya NS-10 mu 1978 kuti anthu azimvetsera nyimbo m'nyumba, koma sinakondedwe chifukwa mawu ake anali ouma ndi olasa m'makutu. Akatswiri a m'masitudiyo ndi amene anaitola, popeza inkaonetsa poyera chilema chilichonse cha nyimbo. Ena ankafika pomata kapepala ka tishu pa kasipika kakang'ono ka pamwamba kuti kulasako kuchepe, koma osaitaya. Inasiya kupangidwa mu 2001, ndipo mpaka lero mudzaipeza m'masitudiyo akuluakulu. Ma Yamaha HS5 oyera pakati amene mumawaona pa zithunzi anatengera maonekedwe kumeneko.

Sipika ikakunamizani kuti besi ilipo yambiri, mumaitsitsa, ndiye nyimbo ikafika pa wailesi imamveka yopanda nyama. Ikakubisirani besi, mumawonjezera, ndiye mu minibasi chimangomveka ndi kugunda kokhakokha, mawu a woyimba osamveka. Ndamvapo nyimbo zauzimu zabwino kwambiri, uthenga wake wogwira mtima, zitaonongeka motere, ndipo zimandipweteka chifukwa woyimbayo sanalakwe kanthu.

Chipinda chanu

Monita yabwino m'chipinda choipa imanamanso. Zipinda zathu zambiri ndi zazing'ono, pansi pa simenti, makoma a pulasitala, denga la malata lopanda siling'i. Mawu amangogunda khoma n'kubwerera. Ombani m'manja kamodzi pakati pa chipinda, mumva kulira kotsalira. M'chipinda chotere monita imene sipika yake ya besi ndi ya mainchesi 8 ndi mavuto, besi imadzadza m'makona. Ya mainchesi 5 ndi yokwana. Ikani masipika awiriwo ndi mutu wanu motalikirana mofanana mbali zonse zitatu, kasipika ka pamwamba kayang'ane khutu lanu. HS5 ndi JBL 305P zili ndi bowo la besi kumbuyo, choncho musazigunditse kukhoma. KRK Rokit 5 bowo lake lili kutsogolo. Mathireyi a mazira amene anyamata amamata pakhoma alekeni, besi saigwira, amangoweta mphemvu ndipo moto ukabuka amayaka msanga. Matiresi yakale kumbuyo kwanu, bulangeti lokhuthala pazenera, kapeti pansi ndi shelefu ya mabuku zimathandiza kuposa pamenepo. Nyengo ya mvula, pansi pa malata, mawu jambulani mvula ikakata, palibe chida chimene chingakuchotsereni phokoso limenelo bwinobwino.

Magetsi nawonso musawaiwale. Kuno ndi 230V. Wachibale akakutumizirani mamonita kuchokera ku America, kumene amagwiritsa ntchito 120V, werengani kaye zolembedwa kumbuyo musanalumikize, chifukwa ena amalandira mphamvu zonse ziwiri koma ena amapsa nthawi yomweyo. Zochokera ku Johannesburg mphamvu yake ndi yofanana ndi yathu, mungosintha pulagi. Gulani chotetezera zida magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo akathima zulani mapulagi. Poyatsa, mamonita akhale omaliza. Pozimitsa, akhale oyamba. Kaphokoso ka njuchi kaja kawirikawiri kamachokera ku zingwe zotchipa ndi tchaja ya laputopu, ndiye pakati pa sound card ndi mamonita gwiritsani ntchito zingwe zochepetsa phokoso za mtundu wa TRS kapena XLR, ndipo zida zonse zidye moto pa soketi imodzi.

Tsono yankho lanu, achimwene. Yambani ndi sound card ya malo awiri, maiki imodzi, ndi mahedifoni otseka makutu monga Audio-Technica ATH-M40x kapena Sony MDR-7506. Ndalama ikatsala, onjezerani mamonita a mainchesi 5, JBL 305P, HS5 kapena Rokit 5. Ikapelewera, PreSonus Eris E3.5 ikuyambitsani, kungoti besi muziiyesa pa mahedifoni. Mikisa ya MG10XU itengeni pokhapokha ngati mumayimbanso m'maukwati ndi m'matchalitchi. Mukagula zakale kwa munthu, pitani ndi laputopu yanu, lumikizani, potozani batani lililonse mumve ngati likukhetchera, ndipo seweretsani nyimbo imene makutu anu amaidziwa bwino. Nyimbo yanu ikatha, imvereni pa foni, pa kasipika ka Bluetooth ndi m'galimoto musanaitumize ku wailesi.