Ku Railway Museum pitani nawo, koma m'mawa

Amayi, mwafunsa ngati n'koyenera kupatula nthawi pa ulendo wanu wa ku Livingstone kuti ana akaone Railway Museum, kapena mungothera ku mathithi a Victoria basi. Ine ndikuti pitani nawo. Koma tsiku lonse ayi. M'mawa umodzi ukukwanirani, chifukwa malowo ndi aang'ono ndipo zambiri zili panja. Dzuwa la kumeneko likakwera, zitsulo zija mwana sangazikhudze.

Woyendetsa takisi mumuuze momveka, angakutuleni ku Livingstone Museum yaikulu ya pakati pa tauni. Yathuyi ili chakumbali, mumsewu wa Chishimba Falls, pamene kampani ya Zambezi Sawmills inkasungira ndi kukonzera mitu ya sitima zake. Kampaniyo inkadula mitengo ya mukusi kunkhalango za Mulobezi, mtunda wopitirira makilomita 160, ndipo inadziyalira yokha njanji yotutira mitengoyo. Mukusi ndi wolimba, chiswe sichiuyamba wamba, n'chifukwa chake matabwa ake ankawayala pansi pa njanji.

Chimene ndingakupempheni n'chakuti musayende nokha. Pemphani wogwira ntchito pamenepo akuyendetseni. Popanda wofotokoza, ana angoona zitsulo zakuda zadzimbiri, atope, ayambe kufunsa za chakudya. Koma wina akawaonetsa poponyera malasha, potungira madzi, ndi mmene nthunzi inkakankhira mawilo aatali kuposa mwana wa giredi 3, mafunso sadzatha. Afunsenso za anthu amene ankaima pamoto uja tsiku lonse, osati za makina okha.

Kwa ife a kuno kum'mawa pali nkhani ina imene ndimaiona yofunika kuposa zonsezi. Sitima inawoloka Zambezi pa ulalo wa ku mathithi mu 1905, ndipo mu 1906 inali itafika ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe. Nanga kuno ku Chipata? Njanji yochokera ku Mchinji anaiyamba mu 1982, n'kudzaitsegulira mu 2010. Zaka zoposa 100 tikudikira! Njanji ya atsamunda inkalondola migodi, ndiye Fort Jameson (dzina lakale la Chipata) ndi fodya wake anangoilambalala, agogo athu n'kumapita pansi kukasaka ntchito ku Halale. Musananyamuke, kayendeni ndi anawo ku siteshoni yathu ya ku Chipata, akaone njanji ndi maso. Akakafika uko adzakhala ndi poyerekezera.

Pamalo omwewo pali kachigawo kofotokoza za Ayuda amene anakhazikika ku Livingstone ndi kumadera ena a dziko lino. Ngati ana ndi okulirapo, lowanimo.

Mukatuluka, masana kaoneni ulalo uja. Uli pamalire ndi Zimbabwe, ndiye chiphaso chanu cha NRC ndi mapepala a ana zikhale m'chikwama.

Za ulendo wokha, musadzikakamize kutha tsiku limodzi. Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, kenako enanso oposa 450 kukafika ku Livingstone. Gonani ku Lusaka, mukwere basi ya m'bandakucha pa siteshoni ya mabasi ya Intercity. Ku myuziyamu ana avale nsapato zotseka, osati mapatapata, munyamule madzi akumwa, ndipo asakwere pa mutu wa sitima asanaloledwe. Mtengo wolowera ufunseni pa geti. Nzika za Zambia zimalipira wotsikirapo kusiyana ndi alendo akunja.