Disiki yatsopano ndayika, koma mafoda a anthu akupitabe ku /home

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa inu amene amayang'anira seva ya Ubuntu yogwiritsidwa ntchito ndi anthu pafupifupi 30. Mwachidule akuti: "Disiki yoyamba yadzaza ndi mafayilo a anthu. Ndagula ina ya 2 TB, ndayilumikiza pa /data, ndipo ndasintha mzere wa HOME mu /etc/default/useradd kuti uziloza ku /data/home. Koma ndikatsegula akaunti ndi adduser, foda yake ikupitabe ku /home. Ndalakwitsa pati? Nanga nditani kuti munthu mmodzi asamalize yekha malo onse?"

Zikomo polemba. Zimene munalembazo zili bwino, kungoti fayiloyo si imene adduser amawerenga. Pa Debian ndi Ubuntu, useradd ndi adduser amafanana mayina ngati mapasa koma ndi mapulogalamu awiri. Useradd amatenga malangizo mu /etc/default/useradd ndi mu /etc/login.defs. Adduser, yemwe analembedwa mu Perl, amayamba wawerenga /etc/adduser.conf, n'kusankha yekha malo a foda, kenako n'kuuza useradd zochita. Mzere umene mumafuna ndi DHOME, ndipo ukakhala ndi # kumayambiriro ndiye kuti sukugwira ntchito mpaka mutaichotsa. Pa Fedora ndi Red Hat, yomwe ndi mitundu ina ya Linux, adduser ndi dzina lina chabe la useradd, n'chifukwa chake malangizo a pa intaneti amaoneka ngati akutsutsana.

Koma ngakhale mukonze DHOME lero, disiki yanu ikhalabe yodzaza. Mafayilo a malangizo onsewa amakhudza maakaunti amene sanatsegulidwe. Anthu 30 amene alipo kale, malo awo analembedwa mu /etc/passwd, gawo lachisanu ndi chimodzi la mzere wa aliyense, ndipo sasuntha okha. Mukhoza kuwasamutsa mmodzimmodzi ndi usermod -d /data/home/dzina -m dzina, mwini wake atatuluka, chifukwa usermod amakana ngati pali pulogalamu ya munthuyo imene ikuyenda.

Ine ndikanakhala inu sindikanayenda njira imeneyi. Siyani dzina la /home momwe lilili, musinthe disiki imene ili pansi pake. Mapulogalamu ambiri amasunga njira yonse ya fayilo m'zokonda zawo, monga /home/dzina/ntchito, ndiye mukasamutsa foda amayamba kulira kuti sakuipeza. AppArmor, chitetezo cha Ubuntu choletsa mapulogalamu kufika pamene sanaloledwe, imadziwa kuti mafoda a anthu amakhala ku /home, ndipo mapulogalamu a snap amavuta foda ikakhala kwina mpaka mutawauza padera. Pa Red Hat ndiye SELinux, chitetezo cha kumeneko, imatseka njira mpaka mutakonza ndi semanage ndi restorecon. Mavuto onsewa mumawazemba ngati disiki ya 2 TB ija ikhala /home yeniyeniyo.

Sankhani nthawi imene palibe amene walowa, mugwire ntchito ngati root (akaunti ya woyang'anira) muli pa / osati m'foda yanu. Koperani ndi rsync -aHAX /home/ /data/ ndipo kamzere kotsiriza pa /home/ musakaiwale. Mukakasiya, rsync amapanga /data/home, ndiye mapeto ake mudzapeza /home/home. Zilembo za aHAX ndi zimene zimasunga mwini wa fayilo, zilolezo ndi zina zobisika. Mukamaliza, pezani UUID (nambala yozindikiritsa disiki) ya disikiyo ndi blkid, muilembe mu /etc/fstab kuti izilumikizidwa pa /home m'malo mwa /data. Osalemba /dev/sdb1, chifukwa mayina amenewa amatha kusinthana kompyuta ikayakanso. Kenako mv /home /home.old, mkdir /home, umount /data, mount -a, n'kuona ndi df -h /home.

Pa mv paja ndi pamene ambiri timagwera. Tsiku lina ndinalumikiza disiki pamwamba pa /home osasuntha zakale. Zonse zinkaoneka bwino, anthu ankalowa, koma df ankanenabe kuti disiki yoyamba yadzaza. Ndinafufuza ndi du mpaka usiku osapeza kanthu. Mafayilo akalewo anali pompo, ataphimbidwa ndi disiki yatsopano ngati mphasa pa dzenje, akudyabe malo. Komanso musazimitse seva musanayese mount -a. Chilembo chimodzi cholakwika mu fstab chikhoza kuimitsa kompyuta pa emergency mode, ndipo ngati mumalowa ndi SSH muyenera kukafika pamene makinawo ali.

Funso lanu lachiwiri yankho lake ndi quota, malire a malo amene munthu aliyense angagwiritse ntchito pa disiki. Ikani ndi apt install quota, muwonjezere usrquota pa mzere wa /home mu fstab, kenako mount -o remount /home, quotacheck -cum /home ndi quotaon /home. Izi ndi za disiki yofomatidwa ndi ext4. Pa XFS mawu ake ndi uquota, remount siyikwanira, ndipo chida chake ndi xfs_quota.

Malire alipo awiri. Mukalemba setquota -u dzina 40G 50G 0 0 /home, munthuyo akhoza kupyola 40 GB kwa kanthawi, masiku 7 ngati simunasinthe, koma pa 50 GB sapitirira ngakhale atachonderera. Masiku 7 aja akatha asanachepetse, malire oyambawo amauma nawonso. Maziro awiriwo ndi a chiwerengero cha mafayilo, ndipo ziro akutanthauza kuti palibe malire. Anthu 30 pa 50 GB aliyense ndi 1,500 GB, ndiye mukutsala ndi popumira. Ndimakonda kusiya mpata waukulu pakati pa malire awiriwa, chifukwa munthu amene wagunda malire omaliza mwadzidzidzi amatha kulephera ngakhale kulowa pa desktop, ndiye foni imalira kwa inu.

Kuti akaunti iliyonse yatsopano izibadwa ndi malire ake, tsegulani akaunti yachitsanzo, muipatse quota, n'kulemba dzina lake pa QUOTAUSER mu /etc/adduser.conf. Kwa amene alipo kale, edquota -p chitsanzo dzina amakopera malire omwewo. Mukalemba repquota -s /home muona amene akudya kwambiri, ndipo mwina mudabwa kuti ndi ndani.

Poti muli kale mu adduser.conf, onaninso DIR_MODE. Kuyambira pa Ubuntu 21.04 mafoda atsopano amakhala 0750, kutanthauza kuti mnzako sangasuzumire m'foda yako. Seva imene inayikidwa kale n'kumangokwezedwa ikhoza kukhala idakali pa 0755, ndipo mafoda akale muyenera kuwatseka nokha ndi chmod. Za /etc/skel sindinena zambiri: chilichonse chili mmenemo chimakoperedwa kwa munthu aliyense watsopano, ndiye musaikemo mafayilo aakulu.

Ext4 imasungira root 5 peresenti ya disiki, yomwe pa 2 TB ndi 100 GB. Pa disiki ya mafoda a anthu okhaokha n'zochuluka, ndipo tune2fs -m 1 amabweza zambiri mwa izo.

Musaiwale kubwezera HOME ija ya mu /etc/default/useradd ku /home, apo ayi tsiku lina wina adzatsegula akaunti ndi useradd -m n'kupezeka ili ku /data/home, kunja kwa quota. Foda ya /home.old isiyeni sabata imodzi kapena ziwiri anthu atsimikize kuti zawo zonse zilipo. Malo pa disiki yoyamba abwerera tsiku limene mudzaifufute.