Presto ikukanika mu Prelude ya C minor ya Bach: vuto lili kumayambiriro

Wowerenga wina watilembera kuti akuphunzira Prelude (nyimbo yotsegulira) ya C minor, nambala BWV 847 pa mndandanda wa nyimbo za Bach, ya m'buku loyamba la Well-Tempered Clavier limene wopeka nyimbo Johann Sebastian Bach anamaliza mu 1722. Amayamba pa liwiro la 120 pa metronome (chipangizo chogunda liwiro la nyimbo), koma akafika pa Presto, gawo lothamanga kwambiri, zala zimakolana. Akufunsa chochita.

Zikomo polemba. Zala zanu zilibe mlandu, mwangoyamba mothamanga. Nyimboyi ili ndi ma bar (tizigawo ta nyimbo yolembedwa) 38, ndipo Bach sanalembe mawu a liwiro pachiyambi. Presto ili pa bar 28, Adagio (gawo loyenda pang'onopang'ono) pa 34, Allegro (gawo lofulumira) pa 35. Manambala a metronome amene mukuwaona m'buku lanu ndi a akonzi, chifukwa chipangizochi chinabwera Bach atamwalira kale. Tsono yambirani kumbuyo: pezani liwiro limene mungathe kuyimba Presto moyera, tinene 116, kenako chiyambi chikhale cha m'ma 80 mpaka 88. Mukayamba pa 120, Presto yanu iyenera kufika 150 kuti kusiyana kumveke, ndipo pamenepo dzanja lamanzere, limene limalowa bar imodzi pambuyo pa lamanja n'kumalitsanzira, limangosanduka phokoso.

Chachikulu n'chakuti ma bar oyambawo asamveke ngati chigayo. Manoti 16 a bar iliyonse salemera mofanana. Yoyamba ndi imene yanyamula nyimbo. Zinazo zikungozungulira pamalo amodzi. Yesani izi: imbani manoti oyamba okha, manja onse, bar ndi bar. Mumva pamwamba C, A flat, B, C, pomwe pansi C sakusuntha. Bar 3 ndi yomangika, bar 4 ikumasula, choncho 4 isakhale yamphamvu kuposa 3. Theka lachiwiri la bar ndi kubwereza chabe, lipepuke. Pa harpsichord, imene imakodola chingwe osati kuchimenya, kukanikiza sikuwonjezera mawu kwenikweni, ndiye oyimba amagwira noti yoyambayo kanthawi pang'ono. Pa piyano chitaninso chimodzimodzi, koma mwapang'ono kwambiri. Mukachita pa bar iliyonse nyimbo imatsimphina. Sungani kupumako pamene makodi (magulu a manoti omveka pamodzi) afika penipeni, monga pa E flat major pa bar 14, ndi pamene G wapansi wakhazikika pa bar 21.

Pedal (chopondera cha piyano chotalikitsa mawu) ikhale yochepa kapena isakhalepo. Manoti oyandikana ngati D ndi E flat akasakanikirana amadetsa zonse.

Adagio ndi bar imodzi yokha, koma ambiri amayiwononga poyiwerengera ngati masamu. Tambasulani makodi ake awiri kuchokera pansi, timanoti tating'onoto tiyende ngati munthu akuyankhula. Allegro ibwerere pafupi ndi liwiro loyamba, osati la Presto, ndipo muchedwetse pa theka lomaliza la bar 38 pokha, kuti E natural wotsiriza amveke bwino pamwamba pa C.