Wapita kutsogolo, nanga kalasi ulowa liti?

Mdzukulu wanga amene ali ku Lilongwe wanditumizira uthenga pa foni ya azakhali ake. Akuti: "Agogo, mnzanga ananditengera ku mapemphero a usiku wonse. Ndinaona mayi wina akutaya ndodo n'kuyamba kuyenda, anthu akugwa mneneri atangowaloza. Ndinapita kutsogolo, ndinalandira Yesu. Chikulire changa sindinaonepo chozizwitsa kumpingo kwathu. Kodi ndisamukire kumeneko, poti ndi kumene Mulungu akugwira ntchito?"

Mdzukulu wanga, khazika mtima pansi, sindikukalipira ayi. Ndakondwa kuti mawu akulasa. Zoti Mulungu amachiritsa ine sindinakayikepo, ndipo mayi wa ndodo uja ngati akuyendabe mpaka lero, alemekezeke Chauta. Koma iwe wathamangira za kusamuka. Ukanandifunsa kuti, "Agogo, ndalandira Yesu, nanga andiphunzitse ndani?" tikanayambira pabwino.

Ife munthu akatembenuka mtima ankalowa kalasi. Tinkakhala pansi pa mkuyu kuseri kwa tchalitchi, mkulu wa mpingo atagwira katekisma yothothoka chikuto, iye kufunsa, ife kuyankha mokweza: Malamulo Khumi, Pemphero la Ambuye, Chikhulupiriro cha Atumwi. Ukajomba ankadziwa, chifukwa dzina lako linali m'buku. Koma mayeso enieni sanali apamtima aja. Mkuluyo ankafika kunyumba kwako osakuuza, n'kukhala pakhonde la anansi ako ngati akungocheza, kwinaku akufunsa: kodi uja mowa analeka? Kunyumbako kukumvekabe kulira usiku? Dengu la chimanga anakongola lija anabweza? Tsiku loonekera pamaso pa akulu ampingo likafika, ena ankauzidwa kuti mubwerenso chaka chamawa, ndipo ankabwereradi osakwiya.

Panali bambo wina m'mudzi mwathu, chidakwa cha kachasu, amene anafika pogulitsa mbuzi ya mkazi wake ili ndi bere. Analowa kalasi anthu akuseka. Anamubweza, anabweranso, anamubwezanso. Panalibe tsiku limene anagwa pansi kapena kutuluka thovu. Tinangoona kuti denga la nyumba yake lafoleredwa mvula isanagwe, ana ayamba kupita kusukulu, mkazi wake wayamba kuseka kuchitsime. Pa tsiku la ubatizo wake amayi a Chigwirizano analulutira mpaka mbusa anachita kukweza dzanja kuti akhale chete. Masiku ano nkhani ngati imeneyi sangaiike pa Facebook, ndi yochedwa kwambiri.

Kudabwa kokha sikunatembenuzepo anthu ngakhale pa chiyambi penipeni. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, ali ndi dokotala Robert Laws. Chaka chotsatira anamugoneka munthu ndi mankhwala a chloroform, n'kumuchita opaleshoni, munthuyo n'kudzuka. Tangoganiza anthu a nthawi imeneyo kuona mnzawo atagona ngati wakufa, akudulidwa osabuula, kenaka n'kutsegula maso! Mbiri inawanda, odwala anabwera. Koma woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881, patapita zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi chifikire amishoniwo. Kwathu kuno uthenga unalowera pa Mvera mu 1889, ndipo nakonso anthu ankayamba adutsa pa sukulu ndi pa kalasi.

Sindikuti amishoniwo ankalondola pa zonse. Pena ankanyanya kuchedwetsa anthu, n'chifukwa chake Elliot Kamwana atafika kwa Atonga ku Nkhata Bay mu 1908 n'kumabatiza popanda kudikiritsa, anthu zikwizikwi anakhamukira kwa iye. Munthu waludzu sumuuza kuti adikire zaka zinayi. Koma kuchoka pa zaka zinayi kufika pa usiku umodzi, ana inu mwalumpha kwambiri.

Ndipo khamu lisakunamize. Mu 1995 dziko lonse linkathamangira ku Machinga kwa Billy Goodson Chisupe, amene ankati analota mankhwala a Edzi. Ankawatcha mchape. Malole ankadzaza, mabasi ankadzaza, ophunzira ndi osaphunzira omwe, akhristu amene tinkakhala nawo pa mgonero anapitanso atanyamula zigubu. Sindiwaseka, inali nthawi ya maliro tsiku ndi tsiku, mankhwala otalikitsa moyo kunalibe m'midzi. Anamwa, anabwerako ndi chiyembekezo, ndipo tinawaikabe m'manda. Amene ankawasambitsa, kuwaphikira phala, kuwatembenuza pamphasa anali amayi omwe aja a mumlaga, kachigawo ka mpingo wathu kumudzi kuno, opanda chozizwitsa chilichonse m'manja mwawo kupatula mtolo wa nkhuni ndi kambale ka ufa.

Baibulo lako uli nalo, ngakhale ndamva kuti lili mufoni. Tsegula Luka 17. Akhate khumi anachira onse, wobwerera kudzathokoza anali mmodzi, Msamariya. Pa Yohane 6 anthu zikwi zisanu anadya mikate n'kukhuta, m'mawa mwake anamulondola Yesu kutsidya la nyanja, iye n'kuwauza maso ndi maso kuti akumufunira mikate. Atayamba kuwaphunzitsa mawu olimba, ambiri anabwerera. Amene anatsala ndi amene anali naye masiku onse, akudzudzulidwa, akufunsa mafunso opusa, akuphunzira. Ine ndimati amenewo anali pa kalasi.

Tsono kumene wapitako sindikukuletsa. Pitanso, koma upite masana a pakati pa sabata, zokuzira mawu zitazima. Ukafunse ngati pali amene amaphunzitsa otembenuka kumene. Uone ngati alipo akudziwa dzina lako ndi kumene umagona. Uonenso za ndalama: akamagulitsa madzi m'timabotolo, akamati fesa mbewu kuti dalitso lako limasuke, ukumbukire Simoni wa ku Samariya pa Machitidwe 8, amene anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, ndi mmene Petro anamuyankhira. Izi zomutchula mnyamata wa msinkhu wa amalume ako kuti "Papa", pamene abambo ako enieni sunawaimbire foni chichokere Khrisimasi, kaya, mwina ndi ukalamba wangawu, koma sizindikomera m'khutu.

Chimodzi chokha ndikulamula, osati kupempha. Wina aliyense, kaya wavala suti yoyera bwanji, akauza wodwala kuti ataye mankhwala a kuchipatala poti wachira, iwe usavomereze, ndipo wodwalayo umuperekeze akayezetse. Yesu yemwe anawatuma akhate aja kuti akadzionetse kwa ansembe.

Ukabwera pa holide ndidzakutengera kwa mkulu wa mlaga wathu, katekisma akadali nayo. Ubwere ndi shuga, ndipo awuze azakhali ako kuti mankhwala anga a miyendo atsala pang'ono kutha.