Za Refused ndi ndemanga yakupwetekaniyo

Achimwene, mwafunsa choti muchite poti wolemba ndemanga wanyoza chimbale cha bandi yanu. Musadzitonthoze ndi nkhani ya bandi ya Refused musanaimve yonse. Ndaona ena pansi pa funso lanuli akukuuzani kuti musamumvere wolemba ndemanga wanyoza chimbale cha bandi yanuyo, ati ngakhale chimbale cha Refused, The Shape of Punk to Come, anthu anachinyoza poyamba. Inde anachinyoza. Koma onena zimenezi amalumpha pakati pomwe pali zowawa, amangothamangira kumapeto kokoma. Chimbale chinadzatchuka, koma bandi inafa isanadye kanthu.

Anyamatawa anali a ku Umeå, kumpoto kwa Sweden. Mu 1996 anatulutsa Songs to Fan the Flames of Discontent, hardcore (mtundu wa rock wothamanga ndi waukali) yeniyeni yaphokoso, ndipo anthu awo anaikonda. Kenaka analowa mu situdiyo ya Tonteknik kwawo komweko ndi ojambula nyimbo Pelle Henricsson ndi Eskil Lövström, natuluka ndi The Shape of Punk to Come, nyimbo 12, mphindi pafupifupi 55, zomwe kampani ya Burning Heart inatulutsa mu 1998. Dzina la chimbale analitengera pa chimbale cha katswiri wa jazz Ornette Coleman, The Shape of Jazz to Come cha 1959, ndipo sanalitenge mwachibwana. Mu "The Deadly Rhythm" magitala amangoti zii pakati pa nyimbo, nkutsala besi yaikulu ya jazz ija ndi ng'oma. "Tannhäuser / Derivè" imatha mphindi zisanu ndi zitatu, yoyamba ndi vayolini. Mwina muli mawu a wailesi, mwina kugunda kwa techno. Ana a hardcore anati awa agulitsa mpingo, anthu a rock wamba anati uku ndi kukuwa chabe. Atolankhani ambiri sanalembe nkomwe, ndipo kusalembedwa kumapweteka kuposa kutukwanidwa. Ku America chaka chimenecho anagulitsa makope pafupifupi 1,400 okha.

Ndiye taonani mapeto ake. Anapita ku America kukaimba ali otopa kale, osagwirizana, ena osafunanso kuonana. Ankaimba m'timalo ting'onoting'ono, anthu owerengeka. Mu Okutobala 1998 anafika ku Harrisonburg, Virginia, atagwirizana kale kuti bandi yatha, nakaimba m'chipinda chapansi pa nyumba ya anthu. Osati holo, osati kalabu, chipinda chapansi pa nyumba. Atangoimba nyimbo zochepa apolisi analowa nkuimitsa zonse, iwo ali pakati pa "Rather Be Dead". Basi, kunatha choncho. Anthu amene anatha miyezi akulumikiza chimbale chomwe lero amachiphunzitsira anzawo kajambulidwe ka nyimbo, analongedza magitala apolisi akuwayang'ana, nabwerera kwawo aliyense njira yake. Analemba kalata yolengeza kuti bandi yafa ndipo sadzaimbanso limodzi. Woimba wawo Dennis Lyxzén anakayambitsa bandi ya The (International) Noise Conspiracy, anzake anapanga ina yotchedwa TEXT.

Chimandipsetsa mtima ndi zimene zinatsatira. Mu 2003 magazini ya Kerrang! inaika chimbalechi pa nambala 13 mwa zimbale 50 zomwe zasintha kwambiri nyimbo. Mu 2010 kampani ya Epitaph itachitulutsanso, tsamba la ndemanga la Pitchfork linapereka 9.4 mwa 10. Mabandi a ku America anatola kalembedwe kake nkudyerapo ndalama, Paramore mpaka inabwereka mzere wa mu "Liberation Frequency" nkuuika mu "Born for This". Anali kuti onsewa mu 1998? Zili ngati kulira mokweza pamaliro a munthu amene unamumana madzi ali moyo. Olemba ndemanga ambiri samva ndi makutu awo, amadikira kaye aone kumene gulu lalowera. Ndipo Refused itabwerera mu 2012, kuimba ku chikondwerero cha nyimbo cha Coachella pamaso pa chinamtindi, nkutulutsa chimbale cha Freedom mu 2015, gulu lomwelo linatembenukanso: ati nchifukwa chiyani sichikufanana ndi cha 1998, nchifukwa chiyani nyimbo zina anapanga ndi Shellback, munthu wa pop. Dzulo mwalakwa chifukwa mwasintha, lero mwalakwa chifukwa simunabwereze. Anthu otere simungawakondweretse, ndipo musayesere.

Komabe, ndemanga yanuyo muiwerengenso. Mwanena kuti munthuyo walemba zinthu ziwiri: kuti mwasakaniza zambiri, ndi kuti chimbale chikumveka chophwatalala, chotopetsa makutu. Choyambacho chitayeni. Chachiwiricho mwina akunena zoona, ndipo chimakonzeka.

Mvetserani "New Noise" ya pa chimbale cha Refused chija ndi mahedifoni. Kwa mphindi yathunthu nyimbo imangokokera, gitala imodzi, ng'oma zikukwera, kenaka zonse nkutsika mpaka pafupifupi chete, ndiye mawu okuwa nkuphulika. Kuphulikako kumagwira mtima chifukwa zomwe zili patsogolo pake nzotsikadi. Mabandi atsopano amapha zimenezi pa mastering, ntchito yomaliza yosalaza nyimbo isanatuluke. Amakankha limiter, chida chopanikiza pokwera pa mawu, kuti nyimbo ikhale yokwera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiye polira pang'ono ndi pophulika zimafanana msinkhu, pophulikapo sipagundanso. Pamwamba pa apo Spotify imatsitsa nyimbo zokwera kwambiri kuzifikitsa cha pa -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa mawu), kutanthauza kuti mwataya mphamvu ya nyimbo popanda chomwe mwapindula. Bwererani ku mix yanu, pomwe mumalinganiza zida ndi mawu. Chotsani limiter pa master, siyani malo cha pa -6 dB, tumizani WAV ya 24-bit kwa wa mastering, osati MP3, ndipo mumuuze momveka kuti kusiyana kwa potsika ndi pokwera asakuphe.

Kutopetsa makutu kuja nthawi zambiri kumachokera pakati pa 2 ndi 5 kHz. Pamenepo ndi pomwe magitala a distortion (kulira kokhakhala kuja), mbale za ng'oma ndi mawu okuwa zimakumana nkumalimbirana malo. Chepetsani gain (batani lowonjezera distortion) pa ampu, anthu amaika yambiri poganiza kuti ndiye kulemera, pomwe imangosandutsa gitala kukhala mkokomo wopanda manotsi. Jambulani gitala kawiri, ina kumanzere ina kumanja, musangokopera imodzi. Dulani zapansi pa 80 kapena 100 Hz pa magitala kuti besi ndi kick (ng'oma yaikulu yopondera) zipume. Besi muipatse distortion pang'ono, apo ayi pa sipika ya foni imasowa yonse, ndipo wolemba ndemanga wanuyo mwina anamvera pa foni pomwepo. Ngati muli ndi zamagetsi monga techno, musaziunjike pamwamba pa magitala. Refused inkazipatsa mpata wakewake, magitala atakhala chete, nchifukwa chake zimamveka ngati mbali ya nyimbo osati zomatikapo.

Onaninso ndondomeko ya nyimbo. Ngati yoyamba ili ndi mphindi ziwiri za phokoso loyambira, ambiri safika pa yachitatu. Ikani yolimba koyambirira, yoyeserera kwambiri ipite chakumapeto. Ndikudziwa kuti Refused inayamba ndi nyimbo ya mphindi zisanu ndi ziwiri, koma iwo anali ndi zimbale ziwiri kale kumbuyo ndi kampani yowatulutsira, ndipo mwaona mmene zinawathera.

Ulendo wina musatulutse chimbale lero nkuyamba kufuna olemba mawa. Atumizireni kudakali masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, linki yomvera yachinsinsi, zithunzi ziwiri, ndime imodzi yofotokoza kuti ndinu ndani ndipo mumamveka ngati yani. Sankhani amene analembapo za mabandi ngati Fugazi, At the Drive-In kapena Thursday, osati aliyense amene ali ndi tsamba. Ku Spotify for Artists, tsamba la Spotify la oimba, perekani nyimbo imodzi kusanatsale masiku 7 kuti chimbale chituluke. Wakunyozaniyo musamuyankhe pagulu, ngakhale kukuyabwani bwanji, chifukwa chithunzi cha yankho lanu chidzayenda kuposa nyimbo zanu.

Ndipo musakwere minibasi kupita kokaimba kutali mkwiyo uli m'bandi. Khalani pansi nonse sabata ino, mugwirizane za ndalama ya situdiyo, ndani analipira zingati, ndani mwini wa mafayilo, phindu likabwera mugawana bwanji, mulembe papepala aliyense asaine. Mukatha pamenepo ikani mix ya nyimbo imodzi m'gulu muno, yopanda limiter, timve pomwe ikuphwatalalira.